Nkhokwe Ziwiri, Yanga ndi ya Madalo

Lolemba, 12 Ogasiti

Mphepo yadzuka ine ndisanadzuke. Fumbi m'maso, fumbi mu girisi. Phiri silikuoneka bwino.

Lero tayamba ntchito ya Madalo, mwana wanga wachisamba. Anamaliza maphunziro a makompyuta mu Novembala chaka chatha, ndipo kuchokera pamenepo ali pakhomo. Makalata ofunsira ntchito apita ambiri, yobwerera palibe. Tsopano bungwe lina la ku Blantyre lamuuza kuti aonetse chimene angathe kupanga. Loweruka, pa 17, kubwera mayi wa ku bungweko kudzaona ndi maso. Akakhutira, amulemba ntchito. Akapanda kukhutira, ayi, zimenezo sindilemba.

Chimene wapanga ndi ichi. Wakabaza njinga ikamuthera panjira, atumiza uthenga pa kafoni kake, mwachitsanzo kuti tcheni ikudumpha. Pulogalamu ya Madalo imuyankha chochita. Koma pulogalamu sidziwa njinga. Njinga ndimakonza ine, pa shedi ino ya pa Limbuli, kuyambira 1996. Choncho mayankho ndi anga. Mwezi watha ndinkanena ndi pakamwa, iye n'kumalemba.

Nkhokwe zilipo ziwiri. Ndizilembe ndisanaiwale:

1. Yanga. Ili pa intaneti, ndimaitsegula pa foni imene wandibwereka. Muli mafunso ndi mayankho okhaokha, m'Chichewa. Ndikhoza kulemba, kukonza, kufufuta.
2. Yake. Ili mu laputopu komanso kwina kutali. Muli pulogalamu yeniyeniyo, zilembo zimene ine sindingawerenge, pamodzi ndi mayankho anga omwe aja. Pulogalamu imatapa m'menemo.

Akadina batani, nkhokwe ziwirizi zilunzanitsidwa, za muno zikhalanso umo. Ngati tcheni: kutsogolo kukazungulira, kumbuyo kutsatira. Akuti batani limeneli ndi limene a bungwe akufunitsitsa kuona, kuti munthu wa sipanala akhoza kusintha yankho yekha popanda kuitana wa makompyuta.

Ndafunsa kuti nanga nkhokwezi zikasiyana? Akuti, "Zikasiyana zipambana zanu, ababa. Ndaikonza choncho. Mawu anu sindingafufute ine."

Ndatembenuka, ndanamizira kufunafuna sipanala. Inali m'manja mwanga!

Mayankho 60 kwanga, 60 kwake. Ndawerenga kawiri.

Dongosolo langa la sabata ino:
- kuwerenga mayankho onse ndi kuwongola pamene papindika
- kusamba m'manja ndisanagwire foni
- kusasokoneza mwana
- Loweruka kuvala malaya oyera ndi kukhala chete

Amake Madalo awerenga chondisuzumira. Akuti chokhala chetecho ndikwanitsa, poti ndinabadwa nacho. Zinazo aona Mulungu.

Ntchito ya lero: machubu omata, ndi limu imodzi yowongola. Ya limuyo ndi nkhani yakale. Awiri akumana pa kanjira kopapatiza, aliyense afuna kupatukira mnzake, onse apatukira mbali imodzi. Anthu aulemu ndi amene amandidyetsa pa shedi pano.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndasamba m'manja. Ndatsegula nkhokwe yanga.

Mayo! Mayankho ndi angadi, koma awameta mpala. Taonani la tayala: "Chotsani chubu. Popani. Viikani m'madzi. Pamene pakutuluka thovu, palani, matani." Basi! Louma ngati chinangwa cha dzana.

Munthu amene njinga yamuthera panjira ndi munthu wachisoni. Dzuwa likumuwomba, katundu ndi wa eni, kunyumba akumudikira. Ungamuuze kuti chotsani chubu usanamufunse n'komwe mmene wadzukira? Pa shedi pano sindinachitepo zimenezo. Mwina Madalo anali pa changu polemba. Sindimuuza, angachite manyazi. Ndikonza ndekha.

Tsopano likuyamba chonchi: "Muli bwanji achimwene? Pepani ndi zovutazi. Kunyumba mwawasiya bwanji? Musadandaule, zimenezi zimagwera aliyense. Poyamba kankhirani njinga pamthunzi, mupume, ngati muli ndi madzi imwani." Kenako za chubu zija.

Chala chimodzi. Zilembo n'zazing'ono, chala changa n'chachikulu, ndikafuna a pakubwera s. Koma ndapeza chinthu chachilendo. Pakamwa panga mawu amatuluka movutikira, anthu amachita kuti mwati bwanji. Pa foni akungotuluka okha ngati mphepo ya chubu chong'ambika. Palibe wondidula. Palibe wondiuza kuti kwezani mawu.

Pa yankho la tcheni yoduka ndaonjezera mmene ndinadziwira kuti msomali umalumikiza tcheni. Pa 9 Malichi 2001, amake Madalo ali pa keliyala, matenda a uchembere atayamba, tcheni inaduka titangodutsa mlatho. Ndinazula msomali pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, n'kuupinda ndi mwala. Tinakafika ku chipatala, ndipo Madalo anabadwa dzuwa lisanapendeke. Msomaliwo ulipobe, m'kachitini ka mabelingi. Nkhaniyi sindinauzepo munthu. Ndailemba kuti wakabaza adziwe kuti msomali umagwiradi.

Madalo tsiku lonse ali pakhonde ndi laputopu. Akuti akukongoletsa mayankho kumbali yake, kuika manambala ndi kukonza zilembo. Tonse tili pa ntchito imodzi. Ndikumva kukoma.

Makasitomala awiri adikira mpaka atopa, apita kwa mnzanga wa kuseri kwa chigayo. Palibe kanthu. Mayankho onse 60 tsopano ali ndi moni.

Lachitatu, 14 Ogasiti

M'mawa Madalo wadina batani. Kachizindikiro kazungulirazungulira. Kenako Madalo waika dzanja pachipumi.

Ndafunsa ngati zili bwino. Akuti, "Palibe kanthu, ababa."

Tayesa. Ndatumiza uthenga pa kafoni ka amake: tayala laphwa. Yankho labwera msanga zedi, kafoni kalira! Ndawerenga mokweza: "Muli bwanji achimwene? Pepani ndi zovutazi. Kunyumba mwawasiya bwanji? Musadandaule, zimenezi zimagwera aliyense. Poyamba kankhirani njinga pamthunzi, mupu"

Lathera pompo. Mupu!

Madalo wafotokoza kuti uthenga umodzi uli ndi malire, sunyamula zambiri. Ngati keliyala. Amake aseka mpaka akhala pansi. Akuti munthu akhala pamthunzipo mpaka Khirisimasi.

Madalo wapempha, maso ali pansi: "Mwina moniyo tingamufupikitse pang'ono, ababa? Pang'ono chabe." Ndavomera. Ndamuuza kuti alowe m'nkhokwe yanga akonze yekha, ndi wa changu kuposa ine. Wakana. Akuti mwana wamkazi akakula salowa kuchipinda kwa bambo ake.

Ndiye ndafupikitsa ndekha. Ndachotsa za kumwa madzi. Ndayesa kuchotsa za kunyumba, dzanja lakana. Ndazibwezera.

Masana kwabwera a Zuze, mnzanga wakale wa kabaza. Anabwera kuno ali mnyamata nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo mpaka lero amanyamula chimanga kuchokera kumalire. Ndawaonetsa foni. Kulakwa kwanga koyamba. Kenako kwabwera njinga ya foloko yopindika, ndasiya foni pa benchi. Kulakwa kwachiwiri.

Pobwerera ndapeza anthu atazungulira benchi, a Zuze ali pakati. "Amigu, nzeru zanu n'zabwino koma n'za pa shedi. Za panjira mulibe!"

Zina mwa zimene alembamo:
- Chubu chikatheratu, phatikirani udzu wouma m'tayala. Iwo akuti anafika nawo pa Nkando.
- Mabuleki akakana pa mtsetse: phazi pa tayala, ndi pemphero lalifupi.
- Agalu akakuthamangitsani: nada, palibe mankhwala, palasani.
- Pasenjala wonenepa: mupempheni atsike pa chitunda, muuzeni kuti n'zothandiza thupi.

Amake Madalo anabwera ndi kalongonda wanga wa masana, nawonso aikamo lawo: "Mukamaliza kukonza musapukutire manja pa malaya. Wochapa ndi munthu."

A Zuze 8, amake 1. 60 kuphatikiza 9 ndi 69.

Ndikanafufuta pompo, koma eni ake anali pomwepo, akusangalala. Ungafufute mawu a munthu akukuyang'ana? Ndati ndichita madzulo. Madzulo foni yazima, moto watha.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndimati ndimuuze asanadine. Ndachedwa ndi kusankha mawu oyambira. Wadina.

Laputopu yafiira. Mizere yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akuti pulogalamu imadziyeza yokha, ikapeza chosalongosoka imafiira. Makina sasiyanitsa dzanja langa ndi la a Zuze. Chilichonse chochokera m'nkhokwe yanga akuchilandira ngati mawu a bambo, udzu womwe, agalu omwe.

Ndapepesa. Akuti, "Palibe kanthu, ababa." Kachiwiri sabata ino.

Ndatchaja foni, ndachotsa 9 aja. Kwanga kwabwerera pa 60. Kwake kukadali 69 mpaka batani lidzadinidwenso.

Masana ndabwera kunyumba kudzatenga pampu yaikulu. Madalo ndi amake ali kuseri kwa nyumba, akusenda nandolo, sanandione. Sindimamvetsera za eni. Koma dzina langa linatchulidwa, miyendo inaima yokha.

Madalo: "Ntchito yanga yonse ya Lachiwiri inafufutika. Ndikakonza kwanga, batani libweretsa zawo, zanga zipita."

Amake: "Ndiye auze bambo akowo kuti achulutsa."

Madalo: "Ndiwauze bwanji? Zaka zonsezi sindinawamvepo akulankhula zambiri chonchi. Za msomali zija inu munandiuzapo? Ndadziwa dzulo, pa laputopu."

Amake apitiriza kusenda. Nandolo yekha kugwera m'lichero.

Ndabwerera ku shedi opanda pampu.

Choncho ndine. Chimene ndimayesa kuwongola ndi chimene chikupinda ntchito ya mwana. Loweruka latsala pafupi, ndipo ine ndi amene ndaima pa msewu.

Dzuwa litapendeka ndamupempha kuti asinthe lamulo, zake zizipambana. Akuti nzeru ndi zanga. Ndati sukulu ndi yake. Akuti sukulu sinamuphunzitse kumata chubu. Ndati chubu sichinalembepo munthu ntchito ku Blantyre. Amake akuti tikumveka ngati alendo awiri pa beseni losambira m'manja.

Madalo wapeza njira ya pakati. Wauza makina kuti zikasiyana azifunsa. Wadina. Makina afunsadi, pa yankho loyamba lenileni: zikhale za ndani?

Ine: za Madalo.
Madalo: za ababa.

Makina adikira. Ife tadikira. Nkhuku zalowa m'khola. Batire la laputopu latha funso likadali pomwepo, palibe chimene chalunzanitsidwa.

Ndapemphanso, motsitsa, kuti chonde zake zipambane. Akuti, "Chabwino, ababa."

Chabwino ameneyo ndikumudziwa. Ndi wa amake. Amandipatsa ndikanena kuti chaka chino tisabzale fodya wa nkhuku m'mphepete mwa nyumba, kenako ndimangoona wamera.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Chiperoni. Phiri labisala, mvula yowaza, sola sakutchaja kanthu. Madalo wakulunga laputopu m'chitenje, wapita kwa ometa tsitsi kumene kuli magetsi. Akuti akhala konko tsiku lonse ndipo batani sadina lero, adzadina mawa pamaso pa mlendo. Wachoka akumwetulira. Sananene chifukwa.

Makasitomala palibe, ndani angapalase kuzizira kotere? Ndakhala m'shedi ndi foni, ndaganiza mwadongosolo:

1. Zoti makina azifunsa zija Madalo azichotsa, koma lamulo lakale sasintha. Chabwino uja ndi wa amake.
2. Lero akakonza mayankho kumbali yake kuti akhale aafupi, okwana pa keliyala.
3. Mawa akadina, anga aatali adzakwera pamwamba pa ake monga mwa masiku onse, pamaso pa mlendo.
4. Koma anga akapanda kukhalapo, adzapambana ndi chiyani? Munthu amene sanabwere ku mpikisano salandira mphoto. Makina adzayang'ana kwanga, adzapeza mbee, adzasiya za Madalo mmene zilili.

Ndabwereza kuganiza. Sindikuona polakwika.

Ndinafika Sitandade 8 yokha, koma zinthu zikayalidwa bwino ndimazitsata.

Ndasamba m'manja ngakhale munalibe girisi. Ndayamba kufufuta. Foni ikufunsa nthawi iliyonse ngati ndatsimikiza. Foni yaulemu. Ndatsimikiza.

La masipoko lapita. La mabuleki lapita. La chishalo chogwedera, la valavu yotayira, la pedulo yolira. Moni yense amene ndinalemba ndi chala chimodzi. Sizikupweteka monga ndimayembekezera. Zili ngati kutsika pa njinga pa chitunda kuti wopalasa apepukidwe.

La tcheni ndalisiya komalizira. Ndaliwerenga kaye. Ndatsegula kachitini ka mabelingi, msomali ulipo, wachita dzimbiri. Nkhani yake mwini wake waimva kale. Yagwira ntchito yake. Ndatsimikiza.

60 kuchotsa 60. Nkhokwe yanga ili mbee.

A Zuze adutsa atafunda thumba kumutu, akufunsa ngati za agalu zija zalowa. Ndati zinalowa. Sindinaname, zinalowadi Lachinayi.

Madalo wabwerako maso ali ofiira ndi kutopa, koma akuimba nyimbo ya kwaya. Akuti, "Mawa mudzadabwa, ababa." Mumtima ndati nawenso udzadabwa, mwana wanga.

Amake asita malaya oyera.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndilembe mwadongosolo, ngakhale dzanja silikufuna.

Kwacha bwino, chiperoni chapita. Ndasesa pa shedi. Benchi, mipando iwiri yobwereka ku tchalitchi. Akabaza adzaza, njinga zatsamira paliponse. Mayi wa ku bungwe afika pa minibasi, munthu wofatsa, wa magalasi, agwira aliyense chanza. Ine malaya oyera, chete, monga mwa dongosolo.

Madalo wafotokoza bwino kwambiri. Mawu osanjenjemera. Wanena za nkhokwe ziwiri, waloza ine, anthu aomba m'manja. Kenako wanena chodabwitsa chake. Dzulo lonse sanafupikitse yankho ngakhale limodzi. Anasintha pulogalamu kuti yankho lalitali izilidula m'mauthenga angapo, lizifika lonse. "Kuti mawu a ababa azifika mmene awalembera, ndi moni yemwe."

Mmene ndimamva zimenezi, ndakumbukira nkhokwe yanga ili mbee. Ndakweza dzanja. Ndati Madalo. Mawu anga ndi aja, palibe wamva. Wadina.

Kachizindikiro kazungulira.

Mayankho: 0.

Makina ayang'ana kwanga, apeza mbee. Ayang'ana kwa Madalo, apeza 69. Zasiyana. Zikasiyana zipambana za bambo. Bambo akuti palibe kanthu, ndiye pasakhale kanthu. Asesa nkhokwe ya mwana wanga yonse!

Wakabaza wina watumiza kale funso. Kafoni kalira. Wawerenga mokweza: "Pepani, sindikudziwa." Wina wayesa za mabuleki. "Pepani, sindikudziwa." A Zuze: "Nanga za agalu?" Pepani.

Ndaimirira. Ndati ndine, ndinafufuta dzulo kuti ndimupatukire mwana. Ulendo uno amva onse, poti kunali zii.

Madalo wandiyang'ana. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

Akuti nkhokwe yake siiwala, imasunga za tsiku lililonse, akhoza kubweza. Zala zikuthamanga pa laputopu. Pomwepo foni yake yalumpha malire, yagwira netiweki ya ku Mozambiki, monga imachitira kuno ikafuna. Wazima, wayatsa. Wayenda nayo mpaka pa msewu, laputopu ili m'manja ngati mbale ya chopereka. Mayi wa ku bungwe ayang'ana wotchi, mwaulemu, koma ayang'ana.

Zabwerera! Koma zabwerera za Lachinayi m'mawa, poti ndi zimene zinali zomalizira kwake. Zonse 69.

Wa mabuleki uja walandira: phazi pa tayala, ndi pemphero lalifupi. Wina walandira za udzu. Wina wauzidwa kuti wochapa ndi munthu, ndipo amake Madalo aomba m'manja okha. Akabaza akugubuduka ndi kuseka. Wachikulire wina walandira moni wanga, wavula chipewa, wayankha pa kafoni kuti ali bwino kaya inu, kunyumba mayi ndi amene akudandaula mwendo. Pulogalamu yati pepani, sindikudziwa.

Mayi wa ku bungwe atumiza okha funso la tcheni yoduka. Foni yawo yalira kanayi. Awerenga chamumtima mpaka kumapeto, avula magalasi, apukuta. Afunsa ngati msomaliwo ulipodi. Ndawaonetsa.

Kenako afunsa Madalo funso limodzi: "Bwanji unalola kuti mbali imodzi izipambana nthawi zonse, ngakhale itafufuta zonse, popanda chotchinga?"

Madalo: "Ndi bambo anga."

Mayiwo agwedeza mutu, alemba kanthu. Akuti atidziwitsa. Akwera minibasi.

A Zuze akuti chionetsero chokoma chonchi sanachionepo chibwerere ku Malawi. Akufunsa ngati chidzachitikenso Loweruka likubwerali.

Malaya oyera ali ndi girisi pachifuwa. Sindikudziwa nthawi imene ndinapukutira.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Ku tchalitchi tabweza mipando. Ulaliki sindinaumve.

Uthenga wa ku bungwe wafika tikuchokera kumeneko. Madalo wawerenga, wandipatsa foni. Akuti pulogalamu ndi ya nzeru ndipo anthu aikonda, koma sinakhwime, ikhoza kutaya zonse ndi batani limodzi. Ulendo uno samutenga. Akakonza adzayesenso akadzaitana ena mu Januwale.

Januwale. Seputembala, Okotobala, Novembala, Disembala. Ndawerenga pa zala, ngati kuti zisintha.

Madalo walowa m'nyumba. Ndakhala pakhonde. Ndimafuna kunena zambiri koma foni inali kwa iye, ndipo pakamwa panga ndi pomwe paja.

Patapita nthawi watuluka ndi laputopu, maso otupa, wakhala pambali panga. Akuti ndione kanthu. Wandionetsa mbiri ya nkhokwe yake. Zonse zilimo, chilichonse ndi deti lake. Mayankho ometa a pa 12. Moni wanga wolowa pa 14. Agalu a Zuze, pa 15. Mbee wa pa 17. Palibe chotayika, palibe deti lolakwika. Sindinkadziwa kuti kunja kuno kuli chinthu chosunga madeti bwino chonchi. Ndanena choncho. Waseka koyamba chichokere dzulo, akupukuta mphuno.

Ndati pepa mwana wanga. Akuti alakwa ndi iye, anayenera kuika chotchinga. Ndati ayi, ndine. Akuti ayi, ababa, ndine.

Amake atulukira ndi lichero: "Mwayambanso? Inu abambo, ngati mawu anu ndi osafufuta, lamulani kamodzi kuti ake apambane. Osati kupempha ngati mukubwereka mchere. Lamulani, tidye!"

Ndaimirira. Ndakoka mpweya. Ndati, "Madalo! Kuyambira lero zipambana zako. Ukafuna kudula, dula. Ndalamula!"

Nkhuku zabalalika. Oyandikana nawo asuzumira pa mpanda. Ine ndemwe ndadzidzimuka.

Madalo sananene kuti chabwino. Watembenuzira laputopu kwa ine, wasintha ndikuona, wandionetsa podina. Ndadina ndi chala changa. Tsopano zanga zikasintha zizidikira pakhomo mpaka iye awerenge n'kuzitsegulira. Ndikafufuta zambiri nthawi imodzi, makina akana.

Dongosolo la Lolemba lija:
- kuwongola mayankho: ndinapinda
- kusamba m'manja: ndinakwanitsa
- kusasokoneza mwana: Januwale
- malaya oyera ndi kukhala chete: malaya ali m'beseni, amake sakundilankhula za iwo, chimene chili choopsa kuposa kulankhula

Nkhokwe yanga waidzazanso ndi zochokera kwake. Za a Zuze tachotsa, adzamva mawa. La amake lakana kuchoka, eni ake aima pomwepo mpaka talisiya. 60 kuphatikiza 1.

Madzulo Madalo wati pakusowa yankho limodzi, la limu yopindika pa kugundana. Wandipatsa foni. Ndalemba ndi chala chimodzi: mmene umamasulira masipoko a mbali iyi, kumanga a mbali inayo, pang'onopang'ono, osakakamiza. Poyambira ndaiwala, ndalembanso kuti muli bwanji achimwene, pepani ndi zovutazi.

Lafika kwake, laima pakhomo. Waliwerenga. Wadula pakati, wadula kumapeto, waika manambala. Ndimayang'ana ku phiri kuti asamangike.

62 kwanga, 62 kwake. Ntchito palibe, mwana akadali pakhomo, mawa ndi Lolemba.

Moni wausiya.